KODI KUDYA PANG'ONO KUTALIKITSA MOYO?

Ana ambiri a m'Lusaka aidziwa nyumba yaing'ono ya nambala 394 imene iri m'Chilenje. M'nyumba imeneyi ndimo munakhala a Kenneth Kaunda ndi banja lao kuyambira mu January 1960 kufikira mu December 1962, asanakhale mtsogoleri woyamba wa dziko la Zambia. Boma liisunga nyumbayi monga cikumbutso, ndipo anthu apita kukaiona. Za nchito ya a Kaunda m'ndale muziphunzira m'mbiri ya dziko lathu. Pano tifuna kuyamba ndi kadyedwe kao. M'masiku a atsamunda munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa m'mabuchala ambiri a m'tauni monga analowera Azungu, koma anali kuima panja ndi kugulira nyama pa kazenera. A Kaunda anawawidwa mtima ndi cipongwe cimeneci, naleka kudya nyama. Mowa sanali kumwa, fodya sanali kukoka, ndipo ngakhale tiyi ndi khofi anazisiya. Anabadwa pa 28 April 1924, namwalira pa 17 June 2021 ali ndi zaka 97.

Anthu ambiri pakumva izi anena msanga kuti, "Mwaona! Cinawasunga ndi kadyedwe kao." Kapena ndi zoona, koma munthu mmodzi sangathe kutitsimikizira kanthu, pakuti m'midzi ya kwathu mulinso nkhalamba zimene zinadya nyama ndi mafuta omwe moyo wao wonse, ndipo zinafikabe zaka 90. Kuti tidziwe ngati kadyedwe kasintha utali wa moyo, pafunika magulu awiri ofanana m'zonse, osiyana m'cakudya cokha, ndipo pafunikanso munthu wowayang'anira kufikira onse atatha kufa. Ndi anthu zimenezi nzobvuta, cifukwa woyang'anirayo angathe kufa iye poyamba. Cotero anthu a sayansi anatembenukira ku nyama zoyamwitsa, ndiko kuti nyama zimene zilera ana ao ndi mkaka wa m'mawere monga ticitira ife. Khoswe, galu ndi pusi ali ndi mtima, ciwindi, impso ndi magazi ofunda, ndipo matupi ao akalamba monga athu. Funso limene anafunsa silinali la kusala nyama kapena tiyi, koma la kuculuka kwa cakudya conse: kodi nyama imene idya pang'ono ikhala nthawi yaitali kuposa imene idya monga ifunira?

MAKOSWE A McCAY

Yankho loyamba lomveka bwino linacokera ku America mu 1935, caka comweco cimene Lusaka anakhala likulu la Northern Rhodesia m'malo mwa Livingstone. Pa yunivesiti ya Cornell, m'cigawo ca New York, panali mphunzitsi dzina lake Clive McCay, amene pamodzi ndi anzake awiri, Mary Crowell ndi Leonard Maynard, anasunga makoswe oyera 106 m'timakola. Anasankha makoswe cifukwa moyo wao ngwaufupi, zaka ziwiri kapena zitatu, kotero kuti munthu angathe kuona kubadwa, kukalamba ndi imfa yao iye asanamere imvi. Ataleka kuyamwa, makoswewo anagawidwa. Ena anapatsidwa cakudya cambiri kuti adye monga afunira usana ndi usiku. Ena anapatsidwa cocepa ndithu, congokwanira kuti akhale ndi moyo ndi kukula pang'ono pang'ono.

Tsono apa cherani khutu, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Mudziwa kuti cakudya cigwira nchito zitatu m'thupi: cipatsa mphamvu, cimanga thupi, ndipo cichinjiriza matenda. Nsima, shuga ndi mafuta ndizo makamaka zipatsa mphamvu, imene anthu a sayansi aiyesa ndi muyeso wochedwa kalori, monga ife tiyesa ufa ndi makilogramu. McCay anacepetsa zopatsa mphamvu zokha. Zomanga thupi, mavitamini, ndi micere yofunika m'mafupa ndi m'magazi, zonsezi anasamala kuti khoswe ali yense alandire zokwanira. Munthu akangocotsa theka la cakudya ca nyama osasamala zimenezi, acotsanso theka la zoichinjiriza, ndipo nyamayo idwala ndi kufa msanga.

Makoswe amphongo amene anadya monga afunira anakhala masiku 483 tikawerenga pa avareji, ndiko kuti caka cimodzi ndi miyezi inai. Anzao ocepetsedwa cakudya anapyola masiku 800, ndipo ena mwa iwo anapyola zaka zitatu. Mwa aakazi kusiyana kunali kocepa. Koma moyo wautali umenewu sanaupeze kwaulere. Makoswewo anakhala aang'ono thupi, ndipo ngakhale pambuyo pake anapatsidwa cakudya cambiri, sanafike pa msinkhu wa anzao. Mafupa aonso anali osalimba.

McCay anaganiza kuti cinsinsi cinali m'kukula mocedwa, monga mtengo wa mukwa umene ukula pang'ono pang'ono nukhalitsa. Koma mu 1982 Richard Weindruch ndi Roy Walford a ku Los Angeles anatenga mbewa zoweta za caka cimodzi, zimene zinali zitatha kale kukula, nazicepetsera cakudya pang'ono pang'ono. Nazonso zinakhala nthawi yaitali kuposa zinzao, ndipo nthenda ya khansa inacepa mwa izo. Pamenepo kunadziwika kuti sikufunika kupinimbiritsa nyama iri yaing'ono kuti ikhalitse.

AGALU NDI APUSI

Khoswe ndi kanyama kakang'ono, ndipo wina angafunse ngati zimene zicitika kwa iye zicitikanso kwa nyama zokulirapo. Ku America komweko anatenga tiana ta agalu 48 ta mtundu wochedwa Labrador, agalu odziwika ndi kususuka. Anawaika awiri awiri, ali yense ndi mnzake wobadwa naye kwa make mmodzi. Cakudya cinali cimodzimodzi, koma pamene wina analandira miyeso inai, mnzake analandira itatu. Anayamba agaluwo ali ndi masabata 8, napitiriza kufikira imfa yao, ndipo zotsatira zake zinalengezedwa mu 2002. Mwa agalu a miyeso inai, theka linali litafa pofika zaka 11 ndi miyezi iwiri; mwa a miyeso itatu, theka linafika zaka 13. Kusiyanako ndi pafupifupi zaka ziwiri, ndipo kwa galu zaka ziwiri si zocepa iai. Nyamakazi ya m'mfundo za miyendo, imene ibvuta agalu okalamba, inacedwanso kuwagwira. Koma musathamangire ku nyumba kukammana galu wanu mkute wake. Agalu ambiri amene tiwaona m'miseu ya m'makomboni nthiti ziri poyera, ndipo bvuto lao si kukhuta.

Mwa nyama zonsezi, imene ifanana ndi munthu koposa ndi pusi. Abemba atiseka ife a kum'mawa cifukwa ca mbewa, ndipo ife tiwabwezera ndi nkhani ya apusi; m'nkhani ino nyama zonse ziwiri zagwira nchito yolemekezeka, ndipo palibe wopambana. Kuyesa apusi kufuna kuleza mtima, cifukwa pusi wa ku Asia wochedwa rhesus, akasungidwa bwino, akhala zaka monga 26. Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha. Magulu awiri a akatswiri anadekhadi: lina ku Maryland, pa bungwe la boma la America lofufuza za ukalamba, kuyambira 1987, ndi lina pa yunivesiti ya Wisconsin kuyambira 1989. Onse anacotsa magawo 30 pa 100 a cakudya ca apusi ena, nasiya ena kuti akhale oyerekezera.

Zitapita zaka 20, mu 2009, a ku Wisconsin ananena zimene anaona. Mwa apusi 38 odya monga afunira, 14 anali atafa ndi nthenda za ukalamba, monga khansa, shuga ndi nthenda ya mtima. Mwa 38 ocepetsedwa cakudya, amene anafa ndi nthenda zotere anali 5 okha. Manyuzipepala anasindikiza zithunzi za apusi awiri a zaka pafupifupi zofanana, wina wamimba ndi wa ubweya wothothoka, mnzake wosalala ngati mnyamata. Anthu anayesa kuti mlandu watha. Koma mu 2012 a ku Maryland anabwera ndi mau ena. Kwao apusi ocepetsedwa cakudya sanakhale nthawi yaitali kuposa anzao, ngakhale kuti m'zinthu zina anali athanzi koposa.

Kodi ndani analakwa? Palibe. Magulu awiriwa anakhala pansi pamodzi nayerekeza zolemba zao, ndipo mu 2017 anafotokoza pamene panali kusiyana. Cakudya ca ku Wisconsin cinali ndi shuga wambiri, pafupifupi magawo 29 pa 100, pamene ca ku Maryland cinali ndi magawo 4 okha, ndipo cinapangidwa ndi tirigu, cimanga, soya ndi nsomba. Ndiponso apusi oyerekezera a ku Wisconsin anadya monga afunira nalemera kwambiri, koma a ku Maryland anali kulandira cakudya coyesedwa, kotero kuti ngakhale amene tinawacha "odya zambiri" anali kudya mwa muyeso. Ena mwa apusi a ku Maryland anapyola zaka 40, msinkhu umene rhesus afika kamodzikamodzi. Cinthu cina cimene anapeza ncofunika kwa inu: kucepetsa cakudya kunathandiza apusi amene anayamba atakula kale, koma amene anayamba akali ana sanapindule nako. Ine ndiona kuti apusiwa atiuza zomveka. Phindu lalikulu licokera m'kuleka kudya kopyola muyeso, makamaka zotsekemera. Nyama ikafika pa muyeso wake, kucepetsanso kuonjeza zocepa cabe.

Ku France anayesanso kanyama ka ku Madagascar kofanana ndi canga, kakang'ono kokwana m'dzanja. Mu 2018 ananena kuti todya monga tifunira tinakhala zaka zopyola 6 pang'ono, ndipo tocepetsedwa cakudya tinapyola zaka 9.

CIFUKWA CAKE NCIANI?

Ganizani za banja m'caka cimene ndalama ziri zambiri. Atate aonjeza cipinda ku nyumba, amai agula mapoto atsopano, ndipo ciri conse cikathyoka aciponya kuseri kwa nyumba, kumene zinyalala ziunjikana. Caka cosowa cikafika, kumanga kuleka. Atate akhomerera mwendo wa mpando, amai asoka zobvala zong'ambika, citini cakale cisanduka mbaula, ndipo mulu wa kuseri uja ucepa.

Thupi licita cimodzimodzi. Linamangidwa ndi tizigawo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tochedwa maselo. Cakudya cikaculuka, maselo alandira uthenga m'magazi wakuti akule ndi kubalana. Cikacepa, uthengawo usintha, ndipo selo liyamba kugwira tizidutswa take totha nchito, kutiphwanya, ndi kumangira zatsopano. Munthu wa ku Japan, Yoshinori Ohsumi, anafufuza macitidwe amenewa m'yisiti yofufumitsa buledi, nalandira mphotho ya Nobel mu 2016. Popeza mbali yaikulu ya kukalamba ndiyo kuunjikana kwa zoonongeka m'maselo, akatswiri ambiri aganiza kuti kukonza kumeneku ndi cimodzi mwa zifukwa zimene nyama yodya pang'ono icedwa kukalamba. Zina ndi izi: shuga wa m'magazi akhala wocepa, mafuta saunjikana m'mimba, ndipo thupi lizizirako pang'ono.

Nzeru imeneyi ya thupi iri ndi nchito yake kuthengo. Mbewa imene yapeza caka ca cilala ikabala ana, anawo adzafa ndi njala, ndipo iyo yomwe idzafooka. Kuli bwino kuti thupi lake lileke za kubala, lidzisunge lokha, ndi kudikira mvula. Makoswe aakazi ocepetsedwa cakudya aleka kubala, ndipo akapatsidwanso cakudya cokwanira ayambanso, ngakhale pa msinkhu umene anzao analeka kale.

MTENGO WAKE

Tanena kale kuti moyo wautaliwu suli waulere. Nyama yodya pang'ono imva mphepo msanga, ibala ana ocepa kapena osabala konse, ndipo zilonda zake zicedwa kupola. Kumbukiraninso kumene nyama zonsezi zinakhala: m'zipinda zofunda ndi zaukhondo, mopanda mphaka, mopanda njoka, cakudya cibwera pa nthawi yake tsiku liri lonse, ndipo sing'anga wa ziweto ali pafupi. Mbewa ya m'munda imene yafooka ndi njala ilibe zonsezi, ndipo kadzidzi sadikira kuti ikalambe.

Si mbewa zonse zimene zipindula. Mu 2010 akatswiri ena a ku America anayesa mabanja 41 a mbewa zoweta, napeza kuti mabanja amene moyo wao unafupika cifukwa ca kucepetsedwa cakudya anaposa amene moyo wao unatalika. Ndipo mu 2024 a pa Jackson Laboratory, m'cigawo ca Maine, ananena za mbewa zazikazi 960 za makolo osiyanasiyana, monga asiyanira anthu. Zodya monga zifunira zinakhala miyezi 25 pa avareji. Zosala cakudya tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, miyezi 28. Zocotseredwa magawo 20 pa 100, miyezi 30. Ndipo zocotseredwa magawo 40, miyezi 34. Koma m'gulu liri lonse munali zina zimene zinafa msanga ndi zina zimene zinakhalitsa, ndipo cobadwa naco kwa makolo cinali ndi mphamvu kuposa kadyedwe. Codabwitsa cinali ici: zimene zinakhalitsa koposa si zimene zinaonda kwambiri iai, koma zimene zinasungabe thupi lao ngakhale cakudya cinacepa.

NANGA ANTHU?

Pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, mu 1944 ndi 1945, Ancel Keys wa pa yunivesiti ya Minnesota anafuna kudziwa cimene njala icita m'thupi la munthu, kuti apeze njira yothandizira anthu a ku Ulaya amene nkhondo inawasiya opanda cakudya. Anyamata 36, amene anakana kugwira mfuti cifukwa ca cikhulupiriro cao, anadzipereka. Kwa masabata 24 anadya theka la cakudya cao ca masiku onse, makamaka mbatatesi, buledi ndi kabichi, ndipo sabata iri yonse anayenda pansi makilomita 35. Ali yense anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a kulemera kwake. Anali kumva mphepo ngakhale dzuwa liri kuwala, ena anatupa miyendo, anasanduka aukali ndi acisoni, ndipo maganizo ao onse anali pa cakudya, kotero kuti ena anali kusonkhanitsa mabuku a kaphikidwe ndi kumawawerenga. Imeneyi inali njala yeniyeni, ndipo palibe cabwino cinaturukamo m'matupi ao.

Kuyesa kofatsa kunacitika pakati pa 2007 ndi 2012, ku America komweko, ndi anthu athanzi 218 a zaka 21 kufikira 50. Awiri mwa atatu ali onse anapemphedwa kucotsa magawo 25 pa 100 a cakudya cao kwa zaka ziwiri, madotolo ali kuwayang'anira ndi kuwapatsa mavitamini. Ngakhale anayesetsa, anatha kucotsa magawo 12 okha. Musawaseke: khoswe wa m'khola sangathe kutsegula kabati, koma munthu angathe. Komabe kuthamanga kwa magazi ao kunatsika, mafuta oipa a m'magazi anacepa, ndipo matupi ao anagwiritsa bwino shuga, ngakhale kuti mafupa anapepukako pang'ono. Zaka ziwiri zionetsa thanzi la munthu, koma nzocepa kuti zionetse utali wa moyo wake.

ZA INU AMENE MULI KUKULA

Tsopano tibwerere ku Africa. M'caka comwe cija ca 1935 cimene McCay analemba za makoswe ake, dotolo wamkazi wobadwira ku Jamaica, Cicely Williams, amene anali kugwira nchito ku Accra m'dziko la Gold Coast, limene lero ndi Ghana, analemba za nthenda ya ana imene anthu a kumeneko aicha kwashiorkor. Mau amenewa anena za mwana amene wacotsedwa ku bere cifukwa mng'ono wake ali m'njira. Makolo athunso anali kuiona nthendayi pamene mai watumbiza, ndiko kuti waima mwana akali kuyamwa. Mwanayo aleka mkaka nayamba kudya phala la ufa woyera lopanda kanthu kena. Mapazi ndi nkhope zitupa, tsitsi lifiira ndi kupyapyala, khungu lisupuka, ndipo akapanda kuthandizidwa msanga afa.

Taonani tsono zolemba ziwiri za caka cimodzi. Cina cinena za cakudya cocepa cimene cinatalikitsa moyo, cina cinena za cakudya coperewera cimene cinapha ana. Kusiyana kwake mwakudziwa kale. Khoswe wa McCay anacepetsedwa mphamvu yokha, zina zonse analandira. Mwana wa ku Accra anasowa zomanga thupi ndi zochinjiriza matenda pa nthawi imene thupi lake linazifuna koposa.

Bvuto limeneli silinathe kwathu. Boma la Zambia linakhazikitsa bungwe loyang'anira za cakudya ndi kadyedwe, National Food and Nutrition Commission, mu 1967, ndipo pakuwerenga kwa mu 2018 kunapezeka kuti mwa ana 100 ali onse osakwana zaka 5, ana 35 anali opinimbira, ndiko kuti aafupi kosayenera zaka zao. Ndico cifukwa cake amai anu apita ndi khanda ku sikelo, pa cipatala ca Chilenje kapena pa kiliniki ina, ndipo anamwino alemba kulemera kwake pa kadi. Mzere wa pa kadipo uyenera kukwera mwezi ndi mwezi. Ukagona kapena kutsika, pali kanthu.

Njala imene mwana akomana nayo akali m'mimba imlondola kufikira ukalamba. M'nyengo yozizira ya 1944 ndi 1945, nkhondo inatsekereza cakudya kumadzulo kwa dziko la Holland, ndipo anthu pafupifupi 20,000 anafa. Nkhondo itatha cakudya cinabwerera, koma madotolo analondola ana amene anali m'mimba pa miyezi ya njalayo. Atafika zaka 50 ndi kupyola, nthenda ya shuga ndi ya mtima zinapezeka mwa iwo kuposa mwa anzao amene anabadwa njala isanafike kapena amene mimba yao inayamba itatha. Mmera mpoyamba.

Inu amene muwerenga buku ili muli pa msinkhu umene mafupa atalika, magazi aculuka, ndipo ubongo ugwira nchito yaikulu. Apusi amene anacepetsedwa cakudya akali ana sanapindule, ndipo makoswe a McCay anakhala aang'ono ndi a mafupa osalimba. Alipo atsikana ena, ngakhale anyamata, amene adumpha cakudya dala kuti afanane ndi anthu oonda a pa wailesi yakanema ndi a m'mafoni. Cimene apeza ndi cizungulire m'kalasi ndi kucepa kwa magazi, makamaka mtsikana amene watha msinkhu. Cimene thupi lanu lifuna ndi cakudya cokwanira ndi cosakaniza, ndipo zambiri mwa zabwino si zodula koposa pa msika wa Chilenje: kapenta, amene mudya ndi mafupa ake omwe, nyemba, nshawa, soya, mazira, cibwabwa, bondwe ndi kalembula zotendera, vinkubala ndi inswa pa nyengo yake, mango ndi magwafa. Ndipo musapite ku sukulu m'mimba muli zii ngati m'nyumba muli kanthu, ngakhale mbatata yogona.

ZA AKULU

Amene nkhani ya apusi a ku Wisconsin iwakhudza ndi akulu a m'tauni. Agogo athu anali kulawirira ku munda ndi khasu, kutunga madzi kutali, kusinja pa mtondo ndi kuyenda pansi, ndipo mitanda ya nsima imene anadya inatha m'nchitoyo. Mdzukulu wao akhala pa mpando mu ofesi, m'kantemba kapena m'minibasi tsiku lonse, koma mitanda ya nsima sinacepe, ndipo waonjezapo shuga wambiri m'tiyi, zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, vitumbuwa ndi chipisi. Pakuwerenga kwa mu 2013 ndi 2014, akazi 23 mwa 100 ali onse m'Zambia anali olemera kopyola muyeso, ndipo m'matauni anali ambiri kuposa m'midzi. Cotero m'komboni imodzi, ngakhale m'nyumba imodzi, mungapezeke mwana wopinimbira ndi munthu wamkulu wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi.

Kunena zimenezi nkobvuta, cifukwa kwathu kunenepa tikuyesa cizindikiro ca cuma ndi ca kusungidwa bwino, ndipo kuonda tikuopa, makamaka kuyambira zaka zija AIDS inapha anthu ambiri. Koma mimba yaikulu si thanzi. Munthu wamkulu wotere akafuna kutsata njira ya McCay, acepetse zopatsa mphamvu zokha: mtanda umodzi wa nsima, shuga, ndi mafuta ophikira. Ndiwo za masamba, nyemba ndi nsomba asazicepetse. Ufa wa rola, umene ambiri aunyoza kuti ngwa osauka, usunga madeya ndi mtima wa cimanga zimene zicotsedwa mu ufa wa bulekifasi, ndipo m'zimenezo muli mavitamini ndi zothandiza m'matumbo.

Alipo ena amene sayenera kucepetsa cakudya konse popanda mau a dotolo: mai woyembekezera, mai woyamwitsa, wodwala cifuwa cacikulu, wakumwa ma ARV, ndi wodwala shuga amene alandira mankhwala, pakuti iyeyu akasala cakudya mwa yekha angathe kukomoka. Nkhalamba nazonso ziri m'gulu limeneli. Munthu akakalamba, njala ya cakudya icepa, mano atha, ndipo minofu ifota, kotero kuti kuonda kwa nkhalamba kubweretsa kugwa, kuthyoka mafupa ndi kucedwa kucira. Mukaona kuti agogo anu ayamba kusiya nsima m'mbale, ndipo zobvala zao ziwakulira, uzani amai kapena atate kuti apite nao ku cipatala, ndipo pa nyumba awaphikire zofewa, monga phala lothira nshawa zosinja, nyemba zopota ndi mazira, pang'ono pang'ono koma kawirikawiri.